Charivari ndi chani? Mafunso ndi mayankho pa katcheni ka tizinthu ka ku Bavaria

Amene mumatsata mpira wa ku Germany mukudziwa kuti chaka chilichonse nthawi ya Oktoberfest, chikondwerero cha mowa cha ku Munich, osewera a Bayern Munich amajambulitsa atavala makabudula achikopa aja, ma Lederhosen, mowa uli m'manja. Mukayang'anitsitsa zithunzi za chikondwerero chimenecho, makamaka za azibambo achikulire a kumidzi, muona kuti ena pansi pa mchombo apa pali katcheni kasiliva kolendewera tizinthu tambirimbiri, ndalama zakale, mano a nyama, tinyanga, timiyala. Dzina lake ndi Charivari. M'munsimu muli mafunso omwe anthu amakonda kufunsa za mawuwa komanso za chinthucho.

Kodi Charivari ndi chani kwenikweni?

Ku Bavaria, dera la kum'mwera kwa Germany komwe kuli Munich, ndi kumadera oyandikana nawo a ku Austria, Charivari ndi tcheni chasiliva, kapena chongokutidwa siliva, chomwe amachikoleka mopingasa kutsogolo kwa kabudula wachikopa. Kabudula ameneyu alibe zipi, kutsogolo kwake kuli chikopa chotsekera chomwe chimamangidwa ndi mabatani awiri m'mwamba, eni ake amati Hosentürl, kachitseko ka buluku. Ndiye tcheni chija chimachoka pa batani la kumanzere kukafika la kumanja n'kulendewera pang'ono pakati. Cha amuna nthawi zambiri chimakhala cha masentimita 33 kapena kuyandikira pamenepo. Tizinthu tolendewerato amatitcha Berlocken.

Koma mawuwa ali pawiri. M'Chijeremani cha m'mabuku, das Charivari ndi chipwirikiti, phokoso lopanda mutu, zinthu zongosakanikirana. Pakamwa pa munthu wa ku Bavaria ndi tcheni chija ndi tizinthu take. Ndiye mukakauza munthu wa ku Hamburg kuti agogo anu anakusiyirani Charivari, mwina angokuyang'anani osamva kuti mukuti chani, pomwe wa ku Miesbach ku Bavaria afunsa kuti palendewera chani.

Amatchula bwanji?

Sha-ri-va-ri. Osati "tcha" ayi. Ch woyambayo ndi wa Chifalansa, amamveka "sh". N'chifukwa chake ena polemba chilankhulo cha kumudzi amangolemba kuti Schariwari, poti kwa Ajeremani sch ndi "sh" ndipo w ndi "v".

Ndiye kuti si Chijeremani chenicheni?

Ayi ndithu, ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi imakoma. Chinthu chomwe anthu amachiona ngati chizindikiro cha u-Bavaria weniweni chili ndi dzina la Chifalansa, ndipo ngakhale Berlocken uja ndi breloque wa Chifalansa atangomuveka chipewa cha Chijeremani.

Ku France mawuwa ndi akale, anayamba kupezeka m'zolembedwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, nthawi zina olembedwa kuti chalivali. Kumbuyo kwa pamenepo, mabuku ambiri otanthauzira mawu amalozera ku caribaria wa Chilatini cha mochedwa, yemwe naye anachokera ku Chigiriki karebaria. Mawu a Chigirikiwa ali ndi zigawo ziwiri, kara kutanthauza mutu ndi barys kutanthauza cholemera, ndiye ndi kulemera kwa mutu, litsipa basi. Ganizo lake n'loti phokoso lija limapweteketsa mutu. Akatswiri ena sagwirizana nazo, amati mawuwa angotengera kamvekedwe ka phokosolo, shari-vari, shari-vari, ndipo kuwalumikiza ku Chigiriki n'kungofuna kuwapezera makolo olemekezeka. Ine ndimaona kuti onsewa ali ndi mfundo, koma chomwe palibe amene amakana n'choti tanthauzo loyamba ku France linali phokoso, osati chokongoletsera chilichonse.

Phokoso lanji limeneli?

Linali phokoso la chipongwe, lokonzedwa dala. Mayi wamasiye akakwatiwanso msangamsanga, kapena nkhalamba ikakwatira kamtsikana, kapena mwamuna akamamenyedwa ndi mkazi wake mudzi wonse n'kudziwa, anyamata ankasonkhana usiku atadzibisa nkhope n'kupita pakhomo pa anthuwo ndi mapoto, zivundikiro, mabelu, malipenga, chilichonse cholira, n'kuyamba kugogoda ndi kuimba nyimbo zonyoza. Sankachoka mpaka eni nyumba atulutse vinyo kapena ndalama, ndipo akakanira ankabweranso mawa lake ndi mkuja yemwe. Mpingo unkadana nazo kwambiri poti kwa iwo ukwati wachiwiri wa munthu wofedwa ndi wololedwa, ndiye mabishopu analetsa kangapo mpaka kuopseza kuti ochita zimenezi achotsedwa mu mpingo, koma anthu osasiya.

Charivari chotchuka kwambiri chinachitikira kunyumba ya mfumu ku Paris pa 28 January 1393, ndipo nacho chili ndi kafungo ka Bavaria. Mkazi wa mfumu Charles VI anali Isabeau, mwana wa banja lachifumu la Wittelsbach la ku Bavaria, ndiye anakonza phwando chifukwa mmodzi mwa amayi omutumikira ankakwatiwanso. Mfumu ndi anzake asanu anavala ngati anthu a kutchire, nsalu zopakidwa utomoni n'kumatapo thonje la fulakisi kuti azioneka aubweya thupi lonse, ali mkati movina mng'ono wake wa mfumu, Louis wa ku Orléans, anayandikira ndi muuni, moto buu. Anayi anafa. Mmodzi anapulumuka podumphira mu chimphika cha madzi, mfumuyo inapulumuka chifukwa mkazi wa Duke wa ku Berry anaiphimba ndi chisiketi chake. Mpaka lero amati Bal des Ardents, gule wa anthu oyaka.

Ku Germany mwambo wofanana nawo amati Katzenmusik, nyimbo za amphaka. Ku England kunali skimmington, ndipo ku America mawu omwewa a Chifalansa anasanduka shivaree.

Nanga mawuwa anafika bwanji ku Bavaria?

Yankho lomwe mumva paliponse ndi loti nthawi ya Napoleon, ndipo zikumveka. Bavaria inali kumbali ya Napoleon, mfumu ya ku France, ndipo ndi chifukwa cha mgwirizano umenewo kuti pa 1 January 1806 dzikolo linakhala ufumu, Maximilian I Joseph n'kukhala mfumu yoyamba. Mwezi womwewo mwana wake wamkazi Auguste anakwatiwa ku Munich ndi Eugène de Beauharnais, mwana womupeza wa Napoleon. Asilikali a ku France anali mbwee m'midzi, kugona m'nyumba za alimi, kudya za eni ake, ndipo anyamata a ku Bavaria nawo anamenya nkhondo limodzi ndi Afalansa mpaka ku Russia mu 1812. Chipilala chomwe chili pa Karolinenplatz ku Munich ndi chokumbukira anthu a ku Bavaria 30,000 omwe anathera kumeneko. Mu October 1813 Bavaria inatembenuka n'kulowa mbali ya adani a Napoleon, koma mawu anali atalowa kale m'khitchini.

N'chifukwa chake agogo a ku Munich amati Trottoir ponena kanjira ka oyenda pansi, Paraplui ponena ambulera, Potschamperl ponena kapoto kokodzeramo usiku, kuchokera ku pot de chambre, ndipo pali ndiwo ya ng'ombe yotchedwa Böfflamott yomwe ndi boeuf à la mode itapindika lilime. Tisaiwalenso kuti Napoleon asanabadwe n'komwe anthu apamwamba ku Munich ankayankhula kale Chifalansa pofuna kuoneka otsogola, ndiye si mawu onse omwe anabwera ndi asilikali, ena anatsika kuchokera kwa mabwana kudzera mwa antchito awo.

Chabwino, koma phokoso likasanduka bwanji tcheni?

Funso lenileni ndi limeneli, ndipo yankho lili pa wotchi. Kalelo wotchi sinali ya pamkono, inali ya m'thumba, yomangirira ku katcheni kapena kalamba kolendewera kunja kuti uzikokera. Ku tcheni komweko ankakolekako kakiyi kopukusira wotchiyo ndi kachidindo kodindira makalata. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 fasho ya azibambo a m'tauni, makamaka ku France, inali yowonjezera tizinthu tina pamenepo, ma breloque aja, mpaka ena kuvala mawotchi awiri, kuti akamayenda azilira ngwe ngwe ngwe anthu adziwe kuti kukubwera munthu wandalama. Ndiye muli ndi zinthu ziwiri zomwe mawu akuti charivari ankanena kale, phokoso la zitsulo zogundana komanso chisakanizo cha zinthu zopanda dongosolo. Munthu woyamba kutcha mulu wa tizinthuto charivari ayenera kuti ankaseka.

Fasho itafika kumidzi ya ku Bavaria alimi olemera ndi alenje anaitenga n'kuikamo zawo. Wa m'tauni ankakoleka kachidindo, mlenje anakoleka dzino la nyama yomwe anapha, mlimi anakoleka ndalama yasiliva. Patapita nthawi tcheni chinalemera, chinasiyana ndi wotchi, chinatsika kuchoka pa kajekete kopanda manja kaja n'kukakhala pa kabudula pachokha. Chipongwe chija chinaiwalika, dzina linatsala. Ndiye ulendo wake ngati mukhulupirira za Chigiriki zija ndi litsipa, kenako phokoso, kenako chisakanizo, pomaliza chuma cha pabanja.

Amakolekapo chani?

Palibe lamulo loti pakhale tingati kapena titi, koma pali tina tomwe timapezeka pafupipafupi.

Toyamba ndi Grandln. Amenewa ndi mano awiri a m'mwamba a mbawala yaikulu ya kumeneko yotchedwa Rothirsch, mano osalala obulungira ang'onoang'ono, ndipo akakhala a nyama yokalamba amakhala ndi mtundu wofiirira womwe alenje amaukonda kuposa woyera. Wosula siliva amawaika awiri pamodzi n'kuwazunguliza ndi timasamba tasiliva ta mtengo wa oak. Musaganize kuti ndi za kumudzi zokha, Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain, ankapangitsira mkazi wake zokongoletsera za mano a mbawala zomwe iye anawombera ku Balmoral. Mkuluyu kwawo kunali ku Coburg, dera lomwe linadzalowa mu Bavaria mu 1920.

Kenako pali Kümmerer, tinyanga ta gwape tomwe sitinakule bwino, topindika kapena tofupika. Zimene mlenje wina akanataya, pano ndiye zamtengo chifukwa sizipezekapezeka. Pali mano a nguluwe, mano a nkhandwe, chibwano chonse cha kanyama konga likongwe kotchedwa Marder mano ali ng'aa, zikhadabo za mbalame zolusa, kamtolo ka ubweya wa Dachs, kanyama kofananako ndi chiuli, komanso nsonga ya nyanga ya Gams, mbuzi yakutchire ya m'mapiri. Koma chindevu chachikulu chija mumachiona pa chipewa, Gamsbart, chimenecho ndi nkhani ina, sichikhala pa tcheni.

Komwe ine kamandisangalatsa ndi Schergraberl. Scher m'chilankhulo cha ku Bavaria ndi mfuko ya kumeneko, graben ndi kukumba, ndiye ndi kadzanja ka kutsogolo ka kanyamako, kouma, tizala take tisanu titatambasuka, kumtunda kwake atakaveka kachipewa kasiliva. Ankati kamakokera ndalama m'thumba monga momwe kamakokera dothi.

Ndalama zenizeni nazo zimakhalapo, ma Taler asiliva. Pali ya ku Bavaria yokhala ndi chithunzi cha Maria atanyamula mwana, pali ya George Woyera akubaya chinjoka yomwe okwera mahatchi ndi asilikali ankaidalira, komanso ya Maria Theresia ya ku Austria yolembedwa chaka cha 1780. Pa iyiyi samalani, 1780 yo sikutanthauza kuti ndalamayo ndi ya chaka chimenecho, akhala akuisulabe ndi deti lomwelo mpaka masiku ano, ndipo inayenda kwambiri mpaka ku Ethiopia ndi ku Arabia komwe inali ndalama ya pamsika. Kuwonjezera apo timiyala tonyezimira ta m'mapiri, korali wofiira, ndi tizifanizo ta ntchito ya mwini wake, kahatchi kapena kang'ombe kwa mlimi, kachipangizo kakang'ono kwa mmisiri.

Ndiye ndi zithumwa eti?

Mbali ina inde, tisanamizane. Dzino la nyama yolusa linali loti likupatse mphamvu ndi kulimba mtima, chikhadabo cha mbalame kuti ugwire chomwe wasaka, korali wofiira kuti akutchinjirize ku diso loipa. Ndipo anthu ake ndi Akatolika olimba, ndiye pa tcheni chimodzimodzi upeza mendulo ya woyera mtima ili phee pambali pa dzanja la mfuko, palibe woona chachilendo.

Kumadera omwewo kunalinso Fraisenkette, chingwe cha tizithumwa chomwe ankaveka makanda kapena kukoleka pomwe agona kuti asagwidwe ndi Fraisen, matenda okomoka ndi kugwedezeka a ana. Amene munakula mukuona mwana atavekedwa mphinjiri m'khosi kapena m'chiuno simufunika kukufotokozerani zambiri. Kusiyana kwake n'koti Charivari n'cha akuluakulu ndipo chili ndi ntchito yachiwiri yomwe mwina ndiyo yaikulu, kudzionetsera. Mlimi wa ng'ombe zambiri ankafika ku tchalitchi kapena ku msika siliva ali lendelende pamimba kuti aliyense awerenge yekha.

Ndi mwambo wakalekale kwambiri?

Osati monga amanenera ogulitsa. Zithumwa za mano ndi zikhadabo ndi zakale inde, koma tcheni cha pa kabudula monga tikuchionera lero ndi cha m'zaka za m'ma 1800, poti chinadikira wotchi ya m'thumba kuti ifike kwa anthu wamba. Ndiponso kabudula wachikopayo anatsala pang'ono kutha, anyamata atayamba kukonda mabuluku aatali a nsalu. Mu 1883 mphunzitsi wina wa ku Bayrischzell, Josef Vogl, ndi anzake ochepa anasoketsa makabudula achikopa n'kuyambitsa bungwe losunga zovala za makolo. Anthu anawaseka, ansembe ena sankafuna n'komwe kuona maondo ali pamtunda pa zochitika za mpingo, koma mfumu Ludwig II inawayamikira ndipo mabungwe oterewa, ma Trachtenverein, anafalikira dera lonse. Ndi mabungwe amenewa omwe anasunga Charivari nthawi yomwe fasho yake inazilala.

Oktoberfest nayo musaiyese kuti kuyambira kale aliyense ankavala chikopa. Chikondwererochi chinayamba mu 1810 pa ukwati wa Ludwig, yemwe anadzakhala mfumu Ludwig I, ndi Therese, koma mukaona zithunzi za m'ma 1960 ndi 1970 anthu ambiri m'matenti a mowa ali mu masuti, majekete ndi madiresi wamba. Zoti aliyense, ngakhale mlendo wongotsika ndege, avale Lederhosen kapena Dirndl, diresi la makolo la akazi, zakula kuyambira cha m'ma 1990 kubwera kuno. Ofuna kuona ma Charivari enieni aonere perete wa zovala za makolo yemwe amachitika Lamlungu loyamba la chikondwererocho, mtunda wa makilomita 7 m'misewu ya Munich.

Akazi amavalanso?

Amavala, chawo chimakhala chopyapyala ndi chopepuka, chokoleka pachifuwa pa Dirndl kapena m'chiuno pa epuloni, tizinthu take timakhala tating'ono, tindalama, timitima, timaluwa ta Edelweiss. Koma chovala cha akazi cha makolo chili ndi matcheni ena omwe anthu amawasokoneza ndi Charivari. Pali Gschnür, tcheni chachitali chasiliva chomwe amachilukanitsa pa tingowe ta kutsogolo kwa chovala chothina cha pachifuwa, n'kukolekapo ma Taler. Palinso Kropfkette, mkanda wa mizere ingapo wothina pakhosi wokhala ndi chotsekera chachikulu kutsogolo. Kropf ndi chotupa cha pakhosi chija chobwera chifukwa chosowa ayodini, chomwe kumapiri a Alps chinali chofala kwambiri mchere wa ayodini usanabwere, ndiye mkandawo unkabisa chotupacho kapena chipsera cha opaleshoni.

Ndi zoona kuti Charivari sugula, umangolandira?

Ndi momwe akuluakulu amanenera, kuti chimachoka kwa bambo kupita kwa mwana, kapena upatsidwe ngati mphatso, ndipo tizinthu tolendewerato uziwonjezera kamodzikamodzi pa moyo wako, dzino la mbawala yako yoyamba, ndalama yomwe unapatsidwa pa ubatizo kapena pa ukwati, zoterozo. Koma zoona zake n'zoti tcheni chenichenicho winawake anachigula kwa wosula siliva tsiku lina, sichinagwe kumwamba. Tauni ya Schwäbisch Gmünd, yomwe sili n'komwe mu Bavaria, inkapanga zokongoletsera zasiliva zambirimbiri zomwe amalonda ankayenda nazo m'misika ya kumidzi.

Lero mupeza Charivari m'sitolo iliyonse ya zovala za makolo ku Munich ndi pa intaneti, chodzaza kale ndi tizinthu tonse, mano apulasitiki, ndalama zosula dzulo. Palibe amene akumangeni mukavala. Kungoti munthu wodziwa akaloza dzino limodzi n'kufunsa kuti iyi munaiphera kuti, inu n'kuyankha dzina la sitolo, nkhani yathera pompo. Kwa ine ndi bwino tcheni cha tizinthu tiwiri tomwe mungafotokoze kusiyana ndi cha khumi ndi tiwiri tomwe simukutidziwa. Zakale zenizeni zasiliva zimagulidwa ndalama zambiri kwa ogulitsa zinthu zamakedzana, n'chifukwa chake mabanja amazitsekera.

Nanga mwambo wa phokoso uja ku Bavaria kunalibe?

Unaliko, woopsa kuposa wa ku France, koma dzina lake silinali Charivari, unali Haberfeldtreiben. Unkachitika kumidzi ya pakati pa mitsinje ya Isar ndi Inn, cha ku Miesbach, Tölz, Rosenheim ndi Ebersberg. Azibambo ambirimbiri, nthawi zina mazana, ankakumana usiku atadzipaka mwaye kumaso, ena atavala ndevu zabodza, n'kukaima pafupi ndi mudzi. Mtsogoleri wawo, Haberfeldmeister, ankawerenga ndakatulo yotchula machimo a munthu, chigololo, kubera anthu pa malonda, katapira, ndipo akamaliza ndime ankafunsa gulu ngati zili zoona, gulu n'kuvomera kuti n'zoona, kenako chiphokoso cha mabelu a ng'ombe, zikwapu ndi mfuti zowombera m'mwamba. Ankati akuchita zimenezi m'dzina la mfumu yakalekale Karl Wamkulu (Charlemagne) yomwe nthano imati ikugona m'phiri la Untersberg. Onse ankalumbira kusunga chinsinsi ndiye apolisi ankavutika kupeza mboni. Cha ku Miesbach mu 1893 chinathera kuwomberana ndi apolisi, ndipo m'zaka zotsatira ambiri anagwidwa n'kumangidwa, mwambo n'kufa. Ndiye ku Bavaria phokoso linali kale ndi dzina lakelake, mwina n'chifukwa chake mawu achilendo aja anapeza mpata wokakhala pa tcheni.

Pali mawu ena a Chijeremani onena tizinthu tokongoletsera?

Alipo ambiri, ndipo pafupifupi onse ndi onyoza, zomwe Charivari sichili. Tand ndi tizinthu tonyezimira topanda phindu, ndipo ambiri amati anachokera ku Chilatini tantum, kutanthauza "mwakuti", mawu a pa mtengo wa malonda. Kuchokera pamenepo ku Bavaria ndi ku Austria wogulitsa zinthu zakale amamutcha Tandler. Pali mwambi wakale wonena kuti Tand ya ku Nürnberg imayenda m'maiko onse, poti mzindawo unkatchuka ndi tizidole ndi tizitsulo, ndipo mpaka pano chionetsero chachikulu cha zidole chimachitikira komweko kuyambira 1950.

Nippes ndi tizifanizo tadothi toika pa shelefu kapena pamwamba pa TV, nawonso ndi ochokera ku Chifalansa. Krimskrams ndi Schnickschnack ndi tinthu tating'onoting'ono todzaza m'dirowa. Munthu wa ku Bavaria akakwiya ndi katundu wachabechabe amati Graffl kapena Glump, ndipo akanena zimenezi za Charivari chanu dziwani kuti wakutukwanani. Kitsch, yemwe anafalikira dziko lonse, anayambira kwa ogulitsa zojambula a ku Munich cha m'ma 1860 ndi 1870, ponena zithunzi zotchipa zogulitsa kwa alendo. Zonsezi mungazione pamalo amodzi ku Auer Dult, msika womwe umachitika katatu pachaka pa Mariahilfplatz ku Munich, masiku 9 ulendo uliwonse.

Ndinaona wailesi yotchedwa Charivari, zikugwirizana?

Eya. Ku Bavaria kuli mawailesi angapo a dzina limeneli, ku Munich, Rosenheim, Regensburg, Nürnberg ndi Würzburg. Dzinalo likuwayenera mbali zonse ziwiri, limamveka la kwawo komanso limanena chisakanizo cha nyimbo ndi nkhani. Kunja kwa Germany dzinali linatchuka ndi nyuzipepala. Le Charivari inayamba ku Paris mu 1832, mwini wake Charles Philipon, ndipo inkaseka mfumu ndi andale ndi makatuni a Honoré Daumier ndi ena. Magazini ya ku Britain ya Punch itayamba mu 1841 inadzitcha The London Charivari potengera yomweyo. Awa anatenga tanthauzo lakale lija, kugogoda mapoto pakhomo pa munthu wamkulu.

Ndikafuna kugula, ndiyang'ane chani?

Tembenuzani tcheni muyang'ane pa ngowe kapena pa kambale ka kumapeto, pamakhala nambala yodinda. 800, 835 kapena 925 ndiye kuchuluka kwa siliva pa magawo 1000. Mukaona palembedwa Alpacca kapena Neusilber musanyengeke ndi dzinalo, mulibe siliva olo pang'ono, ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo ndi zinki, ndipo versilbert ndiye kuti changokutidwa pamwamba. Siliva wakale amada m'mikwingwirima, ambiri amakonda choncho, ndiye osamukwecha mpaka kuyera mbee. Mano ndi nyanga osaziviika m'mankhwala otsukira siliva, zimauma n'kung'aluka, kansalu kofewa n'kokwanira.

Chachiwiri ndi malamulo. Mfuko ya ku Germany ndi nyama yotetezedwa, mbalame zolusa chimodzimodzi, ndiye Schergraberl kapena chikhadabo cha chiwombankhanga chatsopano si chinthu chongogulitsa mwachisawawa, n'chifukwa chake za m'sitolo zambiri zimakhala zoumba ndi chitsulo. Chakale chokhala ndi ziwalo zenizeni za nyama zoterezi, mukafuna kutuluka nacho m'dziko pamafunika mapepala, poti mbalame zolusa zili pa mndandanda wa pangano la CITES la 1973, ndipo wa kasitomu pa eyapoti akhoza kulanda tcheni chonse chifukwa cha chikhadabo chimodzi. Funsani wogulitsayo akuuzeni nyama iliyonse yomwe ili pamenepo ndipo alembe pa lisiti musanalipire.